Valavu ya pansi pa thanki: brass, PVC kapena gate valve yachikale ija?

Chiyikireni thanki kunyumba kuno anthu sakundipumitsa ndi mafunso a mavalavu ngati ndine pulambala, mlamu wanga anafika ponditumizira chithunzi pa WhatsApp ali mu hadiweya kuti ndimusankhire. Sindine pulambala ine, ndinangolumidwa basi, ndiye ndilembe kamodzi aliyense aziwerenga yekha. Komanso timvane kaye, sindikunena ka mpira koyandama kamene kamatseka madzi thanki ikadzadza, paja ambiri timakatchulanso ball valve. Ndikunena ball valve ija ya pa paipi, ya chogwirira chimodzi, chikaloza komwe paipi ikupita ndiye kuti yatseguka, chikapingasa yatseka.

Ndiyambe ndi yomwe ndili nayo chifukwa, brass yabodza. Nthawi yoyika thanki ndalama zinali zitathera ku sitandi ndi mapaipi, ndiye mnyamata wa mu hadiweya ina anandionetsa mavalavu awiri a 1 inchi, onse onyezimira, onse chogwirira chofiira, koma inayo mtengo wake pafupifupi theka la inzake. Akuti bwana ndi zimodzimodzi izi, kusiyana dzina chabe. Ndinatenga yotchipayo ndikudziona ngati dolo. Miyezi ingapo inagwira bwinobwino, kenako ndinayamba kuona kadontho pomwe valavu yakumana ndi nipple, kapaipi kakafupi ka mazinga mbali zonse ziwiri, ndimvekere thread tape, katepi koyera kokulunga pa mazinga, yachepa, ndinatenga sipanala n'kuthinitsa pang'ono. Pang'ono pomwepo ndi pomwe ndinadziphera. Usiku wina mu Okutobala, kutentha kuja mukukudziwa, madzi a ku mpopi atasiya ndipo tikudalira thanki yomweyo, mayi a kunyumba anandidzutsa kuti bambo a ana tamverani kunjako ngati kukugwa mvula. Mvula yanji mu Okutobala. Kutuluka ndi tochi ya foni ndinapeza valavu yang'ambika m'mazinga momwemo, madzi akuthovoka cham'mbali, ndipo poti ndi valavu yoyamba kuchokera ku thanki panalibenso pena potseka. Ndinayesa kukulunga ndi mphira wa chubu cha njinga, ana akuthamanga ndi ndowa ndi mabeseni, tinapulumutsa mwina ndowa zisanu ndi imodzi, malita 5,000 ena onse anakathirira udzu wa aneba.

M'mawa pulambala wina atabwera anangoitola valavu ija n'kuiponya m'mwamba n'kuiwakha, amvekere bwana iyi si brass. Anaipala ndi fayilo pakona, mkati munatuluka motuwa ngati ndowa yamalata, pomwe brass yeniyeni mukaipala imaonetsa chikasu ngakhale kunja ataipaka zoyera. Zotchipazi zambiri ndi zinc yosakaniza, yopepuka komanso yosapirira, siipindika ayi imangothetheka. Anatenganso maginito a sipika yakufa n'kulowetsa mkati, anakakamira pa kampira ka mkati kamene kamatseka ndi kutsegula madzi, kusonyeza kuti ndi kachitsulo wamba kongokutidwa, ndipo kanali katayamba kale dzimbiri m'mphepete mwa bowo. Pa chogwirira musayesere, chimenecho chimakhala chachitsulo ngakhale pa valavu yabwino.

Ndipo chomwe chinandiwawa kwambiri si madziwo. Valavu ija pulambala woyamba anaimanga popanda union, ndiye kuti ichoke anachita kudula paipi, ndinagula socket yolumikizira mapaipi, nipple, union imene ndikanagula poyamba paja, valavu ina, kulipira pulambala, kuonjezapo madzi ogula masiku awiri. Theka ndinapulumutsa lija linabwerera kangapo. Wa mu hadiweya sangakuuzeni zimenezi, iye amangotchula mtengo wa valavu. Union ndi kachinthu kakang'ono koma ndi kamene kamapangitsa kuti tsiku losintha valavu mungomasula nati basi osadula chilichonse.

Brass yeniyeni ndi imene ilipo pano ndipo sindikudandaula. Imalemera m'manja, pathupi pake pamakhala poumbidwa saizi ndi nambala ngati PN25 kapena PN16 yomwe ikunena mphamvu ya madzi imene ingapirire, zina amalembanso CW617N womwe ndi mtundu wa brass, ngakhale abodza nawonso amadziwa kulemba ndiye kulemera ndi fayilo zisakuchokeni. Chinthu china chimene ambiri sitiyang'ana, itseguleni n'kusuzumira mkati. Pali za full bore zomwe bowo la kampira limafanana ndi paipi, pali za reduced bore zomwe bowo limachepa ngati ndi saizi yotsatira kumunsi. Pa madzi a Water Board mwina simungaone kusiyana kwenikweni, koma pa thanki mphamvu yonse imachokera pa kutalika kwa sitandi, mamita 10 ndiwo amapereka 1 bar, womwe ndi muyeso wa mphamvu ya madzi, ndiye sitandi yathu ya mamita 4 ija simukufika ndi theka lomwe, mukaikanso valavu yothina pakhosi shawa imangolira misozi anthu akatsegula mipopi iwiri nthawi imodzi.

Ya PVC anthu amainyoza koma ine ndikuti bola iyo kusiyana ndi brass yabodza, chifukwa siinama, ndi pulasitiki ndipo ikuoneka kuti ndi pulasitiki. Siichita dzimbiri, kumene madzi a mjigo ali amchere imakhalitsa, mtengo ndi wofikirika. Ndili nazo ziwiri ku dimba pa mapaipi othirira. Vuto lake ndi dzuwa ndi kuuma. Ikakhala padzuwa chaka chimodzi ziwiri chogwirira chimafwifwa n'kukhala ngati bisiketi, ndiye ikakhalanso nthawi osatsegulidwa imalimba zedi, munthu umaikapo mphamvu n'kutsala ndi chogwirira m'manja valavu ili chitsekere. Imodzi ndinaivindikira ndi chigubu chodula pakati, mpaka pano ili boo. Ngati ndi yomata ndi guluu, imateni ili yotsegula ndipo guluu asachuluke, akayenderera n'kufika pa kampira ndiye mwaimata mpaka kalekale. Ngati ndi ya mazinga, samalani polowetsa nipple yachitsulo mu pulasitiki, mukathinitsa kwambiri imang'ambika, bola pulasitiki ilowe mu chitsulo. Pali ina amati true union, ya manati mbali zonse ziwiri, imeneyo mumaichotsa pakati n'kuitsuka n'kuibwezera, yokwera mtengo koma pafupi ndi pampu ndi yomweyo. Madzi otentha a giza PVC wamba ayi.

Gate valve, ya kawilo kozungulira ija, ndimaikonda mwina chifukwa kunyumba kwa bambo anga inalipo kuyambira ndili mwana ndipo ndinkatumidwa kukatseka ndine. Ubwino wake imatseka pang'onopang'ono, ndiye mapaipi samenya. Ball valve mukaitseka mwamphamvu kamodzi n'kamodzi pampu ikuyenda mumamva gu! m'khoma, kumeneko ndi madzi kuima mwadzidzidzi ndipo zimamasula majointi pakapita nthawi. Koma chilungamo chake, za masiku ano zotchipa sizili ngati ya bambo ija. Kamchenga kakakhala pansi pomwe chitseko chake chimatsikira siitsekanso yonse, ndipo mumatha kuzunguliza kawilo mpaka kutopa chikhalirecho chitsulo cha mkati chinaduka kalekale, simungadziwenso poiyang'ana kuti ndi yotseka kapena yotsegula. Usiku wa chipwirikiti ngati uja munthu umafuna chinthu choti ngakhale mwana wa sitandade 3 akhoza kupotoza kamodzi.

Pomanga, zochepa zomwe ndinaona pulambala wachiwiriyu akuchita mosiyana ndi woyamba. Thread tape amakulunga motsata komwe mazinga akulowera kuti isamasuke pomanga, ndipo sanaunjike ngati bandeji. Sipanala amagwiritsa mbali ya valavu imene paipi ikulowa, osati mbali yakutali, chifukwa thupi la valavu ndi zidutswa ziwiri zomangana ndipo mukalipotokola zimatha kumasukana n'kuyamba kudontha pakati. Anatulutsa kaye madzi mu paipi kuti zinyalala ndi mchenga zichoke asanaike valavu, poti kampira kamakhala pa timphete toyera ta Teflon ndipo mchenga ukatikanda basi kudontha kwayamba. Anaonetsetsanso kuti chogwirira chili ndi malo ozungulira osagunda mwendo wa sitandi, zooneka zazing'ono koma kwa mlamu wanga anachita kupinda chogwirira ndi hamala.

Kusamala kwake sikovuta, kamodzi pamwezi itsekeni n'kuitsegula kawiri katatu kuti isagwire, ine ndimachita tsiku logula magetsi kuti ndisaiwale. Musaisiye theka pofuna kuchepetsa madzi, timphete tija timadyeka mbali imodzi, ngati mukufuna zochepetsa gulani stopcock, ija yozunguliza ngati mpopi yoika pakati pa paipi. Ikayamba kudontha pansi pa chogwirira, zina zimakhala ndi kanati pamenepo koti mungothinitsa pang'ono, zotchipa zambiri zilibe ndiye ndi kutaya basi.

Ndiye alamu, pansi pa thanki ikani brass yeniyeni ya full bore ndi union pambali pake, ku dimba ikani PVC n'kuivindikira, gate valve ngati mwapeza yolemera yachikale ikani pa mzere wa pampu. Yonyezimira yopepuka ya pachithunzi mwanditumizira ija ibwezeni pa shelefu, yanga yong'ambika ija ndinaisunga pawindo la kukhitchini mukabwera Lamlungu mudzaigwire nokha mumve kupepuka kwake.