git send-email, b4 kapena gh: zomwe ndimagwiritsa ntchito potumiza ma patch

Anzanga atatu andifunsa funso lomweli mwezi uno, ndiye ndingoyankha kamodzi nonse mumve. Mwakonza kodi ya eni ake, mukufuna kuwatumizira, mugwiritse chani?

gh, chida cha GitHub cha pa terminal, sitichedwa nayo. Ngati pulojekiti ili pa GitHub, lembani gh pr create basi mwathana nazo. Koma Linux kernel ndi QEMU amafuna patch (zimene mwasintha mu kodi) pa imelo, kumeneko gh ilibe ntchito.

Ndiye nkhani ili pa ziwiri zinazi, git send-email ndi b4. git send-email ndi yakale, script ya Perl, pa Debian ndi Ubuntu imabwera payokha mu phukusi la git-email. Ntchito imagwira, sindikana, ndipo ndi bwino kwambiri kusiyana ndi kumata patch mu imelo ya pa browser, imene imasandutsa ma tab kukhala ma space nkudula mizere yaitali mpaka git am, lamulo lolowetsa patch ya pa imelo mu kodi, kukana kulandira. Koma ine inandipweteka ndipo mpaka pano sindinaiwale. Ndinali ndi ma patch 7 osamaliza, ndinkangofuna kuona mmene azionekera, ndiye pa --to ndinaika adiresi yanga yokha poganiza kuti afika kwa ine basi. Osadziwa kuti iyo imatola yokha aliyense amene ali pa Signed-off-by (mzere wosainira commit), pa mzere wa Cc komanso mlembi wa commit nkuwaika pa Cc. Imafunsa kaye inde, koma funsolo limabwera pansi pa mulu wa ma header, unali usiku, ndinadina batani la a (all) kuti zonse zipite. Kutacha ndinapeza anthu akuluakulu awiri ayankha kale, wina akufunsa chifukwa chake ndatumiza zinthu zoti sizikupanga ngakhale compile. Manyazi ake abale, sabata yathunthu sindinatumize kalikonse. Mankhwala alipo, --dry-run (kuyeserera osatumiza) ndi --suppress-cc=all (kuletsa Cc yodziika yokha), koma chinthu choopsa chonchi sichiyenera kudikira kuti munthu achite kukumbukira.

b4 analemba ndi Konstantin Ryabitsev wa ku kernel.org, mu Python, ndipo zikuoneka kuti amadziwa pamene anthu timapunthwa. b4 send --reflect imatumiza zonse kwa inu nokha, ma To ndi Cc akuoneka ngati zenizeni koma palibe wina walandira. Chimenechi chokha chinandikwanira kusamuka. b4 prep --auto-to-cc imakufunirani ma maintainer (osamalira kodiyo) kudzera mu get_maintainer.pl, script ya pulojekiti yoonetsa amene amasamalira fayilo iliyonse, mukatumiza imakweza yokha nambala ya version kupita pa v2, v3, ndipo b4 trailers -u imakatola ma Reviewed-by onse (mizere yosonyeza kuti munthu waunika patch) amene anthu anakupatsani nkuwaika mu ma commit. Ndi send-email zimenezi mumakopera pamanja imelo ndi imelo, mukaphonya imodzi ndiye kuti mwataya ntchito ya munthu amene anakuwerengerani kodi.

Zovuta zake zilipo. Cover letter, kalata yofotokoza ma patch onse pamodzi, imaisunga mu commit yopanda kanthu mkati mwa branch, tsiku loyamba mukapanga rebase zimasokoneza, osaifufuta. Komanso mphamvu zake zambiri zimadalira lore.kernel.org, malo osungira maimelo a ma mailing list, pulojekiti yoti maimelo ake sasungidwa kumeneko b4 imachepa mphamvu.

Patch imodzi yokonza kalembedwe, send-email ikukwanirani, ingoyambani ndi --dry-run chonde. Koma ma patch angapo oti mukudziwa kuti abwezedwa kawiri katatu, ikani b4 lero lomwe musanalembe cover letter.