Buku lonyezimira kapena lothothoka masamba?

Mabuku okhumudwitsa amene timagula m'Chipata muno alipo a mitundu iwiri. Oyamba ndi aja a chikuto chonyezimira, olonjeza kuti ulemera msanga. Anthu amawatama pa WhatsApp, koma ukafika mutu wachitatu wolemba akungobwereza zomwe ananena kale, ndipo zitsanzo zake n'za ku America, za mtedza kapena fodya wa kuno palibe.

Enawo ndi nkhani zopeka zakale, zonunkha chinyontho, masamba otsiriza atathothoka wapolisi atangotsala pang'ono kugwira chigawenga. Zimapweteka ndithu! Komabe ine bola lothothokalo, poti mwina mnzako ali nalo lathunthu, ukabwereka. Lonyezimira lija, ngakhale m'basi yopita ku Lundazi, umalitseka n'kuyamba kuwodzera.