Rauta ya 4G yokhala ndi eriyo yakunja: mmene yandigwirira ntchito pa kafukufuku wa makanema a pafoni ku Zomba

Ndinagula rauta imeneyi miyezi isanu ndi iwiri yapitayo m'kasitolo kena ka zipangizo za mafoni pafupi ndi msika waukulu wa Zomba, ndipo cholinga changa chinali chosiyana ndi cha ogula ambiri. Ndikuchita kafukufuku wa digiri yachiwiri pa funso looneka lophweka, loti n'chifukwa chiyani kanema wa pafoni amaima pakati pomwe timizere ta netiweki tikuoneka todzadza. Foni wamba imangoonetsa timizere tinayi kapena tisanu, ndipo aliyense wopanga mafoni amadzisankhira yekha tanthauzo la timizereto, moti mafoni awiri oikidwa patebulo limodzi akhoza kutsutsana. Ndinkafuna chipangizo chondionetsa manambala enieni.

Rautayi ndi kabokosi koyera, kukula kwake ngati buku la nyimbo za kutchalitchi, ndipo imalandira simukhadi ya kampani iliyonse ya mafoni. Kumbuyo kwake kuli mabowo anayi a mawaya a kompyuta ndi tizitsulo tiwiri tomangirapo eriyo yakunja. Pakatoni pake analembapo kuti ndi LTE Cat 4 (LTE ndi dzina lina la netiweki ya 4G), kutanthauza kuti imatha kulandira 150 Mbps ndi kutumiza 50 Mbps, Mbps ukhala muyezo wa liwiro la intaneti. Wogulitsa anagogoda nambalayo ndi chala n'kunena kuti, "Achimwene, iyi ndi 150, kanema saima ayi." Sindikumunena kuti ananama, koma nambala imeneyo ndi denga limene munthu angalifike pokhapokha nsanja ya netiweki itamupatsa yekha mpata wonse wa mafunde wa 20 MHz, ma eriyo onse awiri akulandira bwino, komanso popanda mafunde ena osokoneza. Chigulireni sindinaliyandikirepo dengalo, ndipo sindinayembekezere kutero.

Ubwino wake weniweni uli pa tsamba limene limatseguka pa laputopu munthu akalumikiza rautayi. Pamenepo pamaoneka nambala ya nsanja imene yagwidwa, gawo la mafunde limene likugwiritsidwa ntchito, ndiponso miyezo ya mafunde monga RSRP ndi SINR. RSRP imayeza mphamvu ya mafunde ochokera ku nsanja, ndipo pa muyezo woyamba wa LTE imayambira pa -44 dBm kutsika mpaka -140 dBm. Yoposa -80 ndi yabwino kwambiri, yotsika kupitirira -100 ndi yofooka. SINR ndiyo imandikhudza kwambiri, chifukwa imafananiza mafunde amene ukuwafuna ndi phokoso lonse lowazungulira, kuphatikizapo mafunde a nsanja zina. Katswiri wa masamu Claude Shannon anaonetsa kale mu 1948 kuti kuchuluka kwa uthenga umene njira ingadutse kumadalira kukula kwa njirayo ndi mmene mafunde aliri poyerekeza ndi phokoso, osati mphamvu ya mafunde payokha. Munthu wofuula pamsika wa Zomba tsiku Loweruka amamveka movutikira kusiyana ndi wonong'ona m'chipinda chachete.

Ndimachita lendi ku Chikanda, m'nyumba ya malata ya mazenera aang'ono, ndipo rautayi ili m'chipinda inkaonetsa RSRP yozungulira -105, ndiye kuti khoma ndi malata zinkadya mphamvu yambiri. Ndinamangirira eriyo yathyathyathya kunsonga ya nsungwi yaitali, n'kuimika nsungwiyo pakona ya nyumba ndi waya womangira denga. Mayi eni nyumba anaima pakhomo manja ali m'chiuno. "Mwanawe, ukandibowolera malata udzagula wekha," anatero, ndipo ndinawatsimikizira kuti, "Mayi, waya udutsa pazenera, padenga sindikhudzapo." Kenaka ndinayamba kutembenuza nsungwiyo pang'onopang'ono, mnzanga ali mkati akundiwerengera manambala mofuula.

Zimene tinapeza madzulo amenewo zinasintha mutu wachitatu wa kafukufuku wanga. Eriyo italoza kumene mphamvu inali yochuluka koposa, SINR inatsika mpaka kuyandikira ziro, ndipo kanema ankaima kawirikawiri. Nditaipotoza pang'ono, RSRP inatsika ndithu, koma SINR inakwera kupitirira 10 ndipo kanema anayenda bwino. Tanthauzo lake n'lakuti poyamba eriyo inkamva nsanja zingapo nthawi imodzi, ndipo popeza nsanja zoyandikana za LTE kawirikawiri zimagwiritsa ntchito mafunde amodzimodzi, zinkasokonezana. Zomba ndi tawuni yomangidwa m'tsinde mwa phiri lotalika kuposa mamita 2,000, yokwera ndi kutsika, kotero nyumba ina imaona nsanja zitatu pomwe ina, yobisika kuseri kwa chitunda, siiona ndi imodzi yomwe. Foni ya m'thumba ikanandionetsa timizere todzadza pamalo oyamba aja, ine n'kumadabwa.

Chachiwiri chimene rautayi inandithandiza kusiyanitsa ndi vuto la mafunde ndi vuto la kuchulukana. M'mamawa ndi madzulo RSRP imakhala pafupifupi yomweyo, popeza nsanja siisuntha, koma liwiro limagwa kwambiri kuyambira cha m'ma 7 koloko usiku pamene ophunzira abwerera m'zipinda zawo. Nsanja imagawira mpata wake kwa onse olumikizidwa nayo, ndipo mbale ya nsima imodzi ikazunguliridwa ndi manja ambiri, aliyense amatema kochepa. Apa eriyo siithandiza kwenikweni, ndipo wofuna kugula adziwiretu zimenezi.

Makanema ambiri a pa intaneti masiku ano safika ngati mtolo umodzi. Njira ya HLS, imene Apple inatulutsa mu 2009, ndi ya MPEG-DASH, imene inakhazikitsidwa ngati muyezo wa bungwe la miyezo la padziko lonse la ISO mu 2012, zimadula kanema m'tizidutswa ta masekondi ochepa, ndipo kachidutswa kalikonse kamasungidwa m'magiredi angapo a kuoneka bwino kwa chithunzi. Foni imakoka tizidutswato n'kutisunga m'kankhokwe kake, ndipo ikaona kuti nkhokwe ikutha msanga kuposa mmene ikudzadzira, imapempha giredi yotsika. Ikachedwa kusankha, nkhokwe imauma ndipo kamkombero kaja kamayamba kuzungulira pagalasi. Kafukufuku wambiri wa m'gawo lino amalimbana ndi chisankho chimenechi, ndipo rauta yokhazikika pamalo amodzi, imene imalolanso kuikakamiza kukhala pa gawo limodzi la mafunde, imandithandiza kubwereza kuyesa komweko masiku osiyanasiyana popanda kusintha zinthu zambiri nthawi imodzi. Kukakamiza kumeneku n'kofunika chifukwa mafunde otsika, monga a 800 MHz, amafika patali ndipo amabowola makoma bwino kuposa a 1800 MHz, ndiye rauta yodumphadumpha pakati pa awiriwa ingasokoneze zotsatira.

Kunena za bandulo, rautayi ili ndi powerengera data pomwe pandipulumutsa kangapo. Kanema woyenda pa 1 Mbps amadya 450 MB pa ola limodzi, ndipo wa giredi ya chithunzi ya 720p, amene amafuna cha m'ma 2.5 Mbps, amadutsa 1 GB pa ola. Ndinaphunzira mowawa kuti laputopu ikalumikizidwa pa Wi-Fi ya rautayi imaganiza kuti intanetiyo ndi yopanda malire, ndiye imayamba kukoka zokonzanso mapulogalamu ake mwakachetechete. Bandulo ya sabata yathunthu inatha usiku umodzi ndisanayese kanema ndi mmodzi yemwe.

Zofooka zake ndi zenizeni, ndipo chachikulu ndi chakuti siisunga mbiri ya manambala aja. Imaonetsa za nthawi yomweyo basi, palibe batani lokopera, kotero masabata oyamba ndinkalemba m'kope mphindi zisanu zilizonse ngati kalaliki wa pachigayo, mpaka ndinalemba kapulogalamu ka Python kowerenga tsambalo ndi kusunga zotsatira. Ilibenso batire mkati. Magetsi akazima imazima, ndipo akayaka imatenga nthawi kuti wotchi yake ikhalenso bwino, zimene zinandiwonongera mizere ingapo ya zolemba. Popeza imadya 12 V, ndinaigulira kabatire ka njinga yamoto ndipo vutolo linatha. Waya wa eriyo umene unali m'katoni ndi wopyapyala, ndipo waya wotere umataya mphamvu pa mita iliyonse, choncho ndi bwino kusendeza rauta pafupi ndi zenera kusiyana ndi kutalikitsa waya. M'mwezi wa Okutobala imatentha ndithu, koma sinazimepo chifukwa cha kutentha.

Ndiyeneranso kunena kuti chipangizochi chimayeza mwendo umodzi wokha wa ulendo, kuchokera pa nsanja kufika panyumba. Malawi alibe doko la panyanja yamchere, ndipo zambiri zimene timaonera, ngati sizinasungidwe pa seva ya m'dziko muno, zimadutsa pa mawaya a fibre kudzera m'maiko oyandikana nawo kuchokera ku zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM, imene inayamba mu 2009, ndi EASSy ya mu 2010. Kuchedwa kwa m'njira imeneyo ndimakuyeza ndi mapulogalamu a ping komanso Wireshark. Rautayi siingandiuzenso ngati woonera wakhutira. Pamenepo ndimafunsa anthu kuti apereke malikisi kuyambira 1 mpaka 5, monga mwa muyezo wa MOS, n'kufananiza mayankho awo ndi manambala anga.

Kusitolo kuja anandilandira bwino pamene adaputala inapsa sabata yachitatu, ndipo anandisinthira nditangoonetsa lisiti, ngakhale kuti za SINR sanazimvepo. Wofuna kungoonera mpira kunyumba yomwe netiweki imagwira kale asataye ndalama zake pa eriyo. Wophunzira za matelefoni amene alibe mwayi wa zipangizo zodula za mulabotale aigule, koma afunse kaye kuti aone tsamba la manambala lija asanalipire, chifukwa marauta ena ofanana nayo maonekedwe amabisa SINR. Mwezi wamawa ndikuinyamula pamodzi ndi batire ndi nsungwi yake kupita ku Kachulu, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, kukayesa makanema omwewa pamalo achigwa otalikirana ndi phiri.