Martin Freeman: muyambe ndi The Hobbit kapena Fargo?

Ofuna kuona luso la katswiri wa zisudzo wa ku England ameneyu ali ndi poyambira pawiri.

The Hobbit ndi mafilimu atatu a Peter Jackson, a 2012, 2013 ndi 2014. Freeman ndi Bilbo Baggins, kamunthu kosakonda kuchoka pakhomo kamene kakokeredwa pa ulendo wokalimbana ndi chinjoka Smaug.

Fargo ya pa TV, sizoni yoyamba ya 2014, ili ndi magawo 10. Muno ndi Lester Nygaard, wogulitsa inshuwalansi ku Bemidji, Minnesota, munthu wamantha amene akupha mkazi wake ndi hamala m'gawo loyamba lomwelo.

Nthawi: The Hobbit pafupifupi maola 8, Fargo kuposerapo pang'ono.
Oonera nawo: The Hobbit ndi ana okulirapo, Fargo akuluakulu okha, magazi ndi ambiri.

Pa luso ndiye pali kusiyana kwenikweni. Mu The Hobbit amawala poponyerana ndagi ndi Gollum, cholengedwa chokhala kuphanga, koma filimu yachitatu nkhondo zimamuphimba. Mu Fargo mumamuona akuchita chibwibwi pamaso pa apolisi, kenako n'kuphunzira kunama osaphethira. Mumaseka mtima ukuwawa.

Banja lonse likakhala pamodzi, The Hobbit. Ofuna Freeman weniweni, ine ndikuti Fargo.