Pampu ya sola ya m'dimba: ndi yabwino, koma muyambe mwagula diramu

Pampu imene ndikunena ndi kaja kakang'ono ka 12V kolowetsa m'chitsime, kamene kadzaza m'masitolo a zipangizo kuno ku Vila Ulongwe. Amakagulitsa pamodzi ndi panelo ya mawati 100, kontirola (kabokosi kowongolera magetsi ochokera ku panelo) ndi paipi ya mamita 20. Ine ndinatenga pa mametikali 9,500 nditanenerera kuchoka pa 11,000, ndipo ndinalipira pa e-Mola, poti ndalama za matimati masiku ano zimandipeza pafoni. Dimba langa lili kuseri kwa nyumba: kovi, repu, anyezi, matimati, ndi chitsime chokumba pamanja cha mamita 6.

Chimene wogulitsa sakuuzani n'chakuti pampuyi ilibe batire. Imapopa bwino dzuwa likaswa mtengo, kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka cha m'ma 3, nthawi imene aliyense wa dimba amadziwa kuti kuthirira n'kutaya madzi, chifukwa ena amauma asanafike ku mizu. M'mamawa ndi madzulo, pamene mbewu zikufuna kumwa, iyo imakhala ili duu. Ndiye ntchito yake yeniyeni si kuthirira ayi, koma kudzaza. Mufunika diramu ya malita 200, kapena awiri ngati thumba likulola, pa thandala la njerwa lofika m'chifuwa, ndi mpopi m'munsi mwake. Masana pampu idzaze, madzulo inu mutsegule, madzi atsike okha ndi paipi kapena muzitungira m'kheni pafupi. Ogula popanda diramu ndi amene mumawamva pa msika akuti sola ndi bodza.

Mtengo wa diramu, njerwa, simenti ndi mpopi muwerengeretu pamodzi ndi wa pampu. Kwa ine zinawonjezera pafupifupi mametikali 3,000.

Za mphamvu, pa katoni analemba malita ochuluka pa ola, koma chiwerengero chimenecho ndi cha pampu imene sikukweza madzi. Mita iliyonse imene madzi akukwera imadya mphamvu. Kuchoka pansi pa chitsime changa kufika pakamwa pa diramu ndi mamita pafupifupi 8, ndipo mu Okutobala diramu imadzaza ola lisanathe. Mu Juni ndi Julayi, nkhungu ya kuno ku Angonia ikakuta, madzi amangodontha ngati mkaka wa mbuzi yokalamba. Izi sizinandidandaulitse kwenikweni, chifukwa nyengo yozizira nayo kovi safuna madzi ambiri. Achibale a ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, kumene dzuwa limawotcha chaka chonse, vuto limeneli sangalione, koma iwo akonzekere madiramu ambiri.

Panelo iyang'ane kumpoto, itapendekeka pang'ono, ndipo muziipukuta. Fumbi la mu Seputembala limaiphimba msanga, ndipo ikangopukutidwa mumamva ndi khutu kuti pampu yasintha kulira. Mthunzi wa nthochi ukangogwera pakona imodzi, mphamvu imatsika kwambiri kuposa mmene mungaganizire. Madzulo ndimaichotsa n'kuilowetsa m'nyumba. Panelo yogona panja imapeza mwini wina, ndipo ndi yopepuka moti mwana wa sukulu atha kuinyamula.

Adani a pampuyi ndi awiri, matope ndi chitsime chouma. Ikakhala pansi penipeni imayamwa mchenga, timapiko ta m'kati n'kutha. Ine ndinaimangirira pa chingwe kuti izilendewera chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchoka pansi, n'kuikulunga ndi kachidutswa ka neti yakale ya udzudzu. Chingwecho chikhale chapadera, musamaikoke ndi waya wa magetsi. Choopsa kwambiri chimabwera mu Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe: dzuwa lili pachimake, pampu ikuthamanga, koma madzi m'chitsime atsika. Madzi omwewo ndi amene amaiziziritsa, ndiye ikapopa mpweya kwa kanthawi imapsa. Mtundu umene ndinagula ulibe kachipangizo kozimitsa madzi akatha, choncho pamafunika munthu pakhomo woti azisuzumira. Kwathu ntchitoyi ndi ya agogo, amene poyamba ankati chitsime sachiyika magetsi, koma pano ndi amene amandiuza kuti "amake mwana, lero yatulutsa bwino."

Apa ndi pamene sitolo imene ndinagulako inandikhumudwitsa. Chitsimikizo ndi cha mwezi umodzi, cha pakamwa, ndipo lisiti amalemba pokhapokha mutaumirira. Zosinthira alibe. Nditafunsa kuti mota ikapsa ndidzatani, mnyamata wa pa kauntala anangoti, "Mayi, mudzagula ina." Yankho loona, koma mawu otere amayenera kunenedwa ndalama isanatumizidwe. Muuzeni ailumikize pa panelo panja pomwepo, m'ndowa ya madzi, muione ikutulutsa musanatsegule foni.

Nanga poyerekeza ndi zina? Motobomba, pampu ya injini ya petulo, ili ndi mphamvu zambiri, ndipo kwa alimi a kachewere a ku Tsangano ndi Domue amene amakoka madzi mumtsinje, palibe mpikisano. Koma pa chitsime cha pakhomo imakokolola madzi onse m'mphindi zochepa, petulo n'kumadya phindu la ndiwo. Pampu ya magetsi ndi yotchipa kugula, koma imatha mayunitsi a Credelec, magetsi olipiriratu aja, komanso madimba ambiri ali kutali ndi mapolo, ngakhale magetsi a ku Cahora Bassa, m'chigawo chathu chomwechino, amafika mpaka ku South Africa. Pampu yopalasa ndi miyendo ija ndinaisiya chifukwa cha mawondo.

Ndalama yanga sinabwerere nyengo imodzi, ndipo amene angakuuzeni kuti kovi wa kuseri kwa nyumba angabweze mametikali 12,500 msanga akukunamizani. Chimene chinasintha n'chakuti ndiwo sindigulanso chilimwe chonse, matimati ndimakolola mpaka mvula yoyamba pamene mtengo wake uli wabwino, ndipo msana unapuma. Ngati chitsime chanu sichipitirira mamita 10, sichiphwa mu Okutobala, ndipo masana pakhomo pamakhala munthu, gulani. Ngati dimba lanu ndi la kudambo kutali ndi nyumba, ndalamayo sungani, muonjezere, mudzagule motobomba.