UniProt pofufuza mapuloteni a mu ER

Amene mukufufuza mapuloteni a mu endoplasmic reticulum (ER, gawo la mkati mwa selo) ya munthu, UniProt, nkhokwe ya pa intaneti ya zambiri zokhudza mapuloteni, ndiyothandiza zedi komanso ndi yaulere. Mumangosankha Homo sapiens, pa subcellular location (malo amene puloteni imapezeka mu selo) nkulemba endoplasmic reticulum, mndandanda ubwera pompo. Chimandisangalatsa kwambiri nchoti mukatsegula mapuloteni a mu ER monga BiP kapena calreticulin mumakaona ndithu kumapeto kwa sequence (mndandanda wa ma amino acid opanga puloteniyo) kachizindikiro ka ma amino acid anayi kotchedwa KDEL, kamene kamapangitsa kuti puloteniyo ikapitirira mpaka ku Golgi (gawo lina la selo kumene mapuloteni amapita akachoka ku ER) ibwezedwenso ku ER. Koma chonde yambani ndi za m'gawo la UniProt lotchedwa Swiss-Prot zomwe akatswiri anaziunika okha, za munthu zonse pamodzi zilipo pafupifupi 20,000, za m'gawo linalo la TrEMBL zambiri ndi kompyuta yangolosera. Zithunzi ndimakaonera pa webusaiti ina ya Human Protein Atlas, ER imaoneka bwinobwino ngati ukonde kuzungulira nucleus.