Glycerine, hyaluronic acid ndi urea: mudzole chiti khungu likatuwa?

June akangolowa, mwera n'kuyamba kuwomba, miyendo ya anthu ambiri imachita mbuu, milomo imasweka, zidendene n'kuyamba ming'alu. Mukawerenga tizilembo ta kumbuyo kwa mabotolo a mafuta odzola amene timathamangira nyengo imeneyi, mupeza mayina atatu akubwerabwera: glycerine, hyaluronic acid ndi urea. Zitatuzi zimagwira ntchito imodzi, yokoka madzi n'kuwasunga pakhungu. Koma mitengo yake ndi yotalikirana zedi, ndipo chilichonse chili ndi malo ake pathupi.

Glycerine ndiye tinakula naye tonse. Kabotolo kake kamapezeka ngakhale m'kagolosale ka kumudzi, ndipo amayi ambiri amathira pang'ono m'mafuta a ana kuzizira kukangoyamba. Katswiri wina wa ku Sweden, Carl Wilhelm Scheele, anamutulukira mu 1779 akutenthetsa mafuta a olivi, ndipo masiku ano amatuluka wambiri monga zotsalira popanga sopo ndi dizilo wa mafuta a zomera. Kutchipa kwake kumachokera pamenepo, osati poti ndi wachabechabe ayi. Tizigawo take ndi tating'ono kwambiri moti timalowerera m'khungu lakunja, sitingokhala pamwamba. Khungu lathu lilinso ndi tinjira tachibadwa, totchedwa aquaporin-3, todutsitsa madzi ndi glycerine kulowa m'maselo. Kunena kwina, thupi limamudziwa kale.

Choipa chake n'kumata. Mukadzola glycerine yekha wosasakaniza, khungu limanata, ndipo mukayenda mumsewu wafumbi mwezi wa October miyendo imafika kunyumba itavala dothi. Pamalo osweka amalasanso. Madontho awiri kapena atatu m'chikhatho, kusakaniza ndi mafuta anu a masiku onse, n'zokwanira. Zomusungunula ndi madzi a pampopi m'botolo n'kumusunga masabata ambiri musachite, chifukwa akasukuluka tizilombo timatha kuswanamo. Komanso glycerine sayeretsa khungu. Amene amati anayera naye, nthawi zambiri mumakhala mwathiridwa mankhwala ena m'botolomo, ndipo amenewo ndi nkhani ina yoopsa.

Hyaluronic acid ndiye watchuka pa TikTok ndi Instagram, m'timadzi todzola kunkhope totchedwa seramu, togulitsidwa m'timabotolo tagalasi tokhala ndi kodonthezera. Dzina lakuti acid lisakuopseni, sawotcha. Karl Meyer ndi John Palmer anamupeza mu 1934 ku yunivesite ya Columbia ku New York, m'madzi a m'diso la ng'ombe. Kwa zaka zambiri ankamutenga m'kanyama kofiira ka pamutu pa tambala. Lero wambiri amapangidwa ndi mabakiteriya m'mafakitale. Munthu wolemera makilogalamu 70 amakhala naye pafupifupi magalamu 15 m'thupi, ndipo pafupifupi theka lake lili m'khungu. Otsatsa malonda amakonda mfundo imeneyi, n'kuwonjezerapo yakuti amasunga madzi ochuluka kuwirikiza 1,000 kulemera kwake. Chimene sanena n'chakuti wambiri wa amene ali m'khungu mwachibadwa amakhala m'khungu lam'kati, pomwe wa m'botolo, makamaka wa tizigawo tikulutikulu, amathera pamwamba. Amasalalitsa ndithu, timakwinya ting'onoting'ono timaoneka ngati tachepa kwa maola angapo, koma mukasamba zatha. Ena amamudula tizigawo kuti alowerere pang'ono, koma sangafanane ndi amene madokotala amabaya ndi jakisoni.

Ndiye n'chifukwa chiyani anthu amamugulabe? Amapepuka. Samata, sawala, ndipo amakhala bwino pansi pa zodzikongoletsera. Kwa munthu wa nkhope yamafuta, kapena wa ziphuphu amene mankhwala ake amaumitsa khungu, zimenezi si zazing'ono. Koma kugula kabotolo ka mamililita 30 kuti mudzole miyendo yotuwa n'kutaya ndalama. Ndipo tembenuzani kabotoloko muwerenge: kawirikawiri glycerine amakhala pafupi ndi pamwamba pa mndandanda, pomwe sodium hyaluronate, yemwe ndi mtundu wa hyaluronic acid, ali kumunsi. Zolembedwazo zimayambira pa chochuluka kutsikira pa chochepa. Ambiri amene amayamikira seramu wodula akuyamikira glycerine osadziwa.

Awiriwa ali ndi msampha umodzi. Chokoka madzi chimafuna kotunga. Nyengo ya dzinja, mpweya uli ndi chinyezi, zonse zimayenda bwino. Koma mu July ku Dedza kapena ku Lilongwe, m'chisanu cha ku Johannesburg, kapena m'nyumba ya ku Britain yotenthetsedwa usiku wonse, mpweya umakhala wouma, ndiye madzi amene akokedwa amachokera m'khungu lanu lomwe, n'kuuluka. Ndiye mumve wina akudandaula kuti seramu wamuumitsa nkhope. Dzolani mukangotuluka kosamba khungu likadali lonyowa, kenaka phimbani ndi mafuta olemera. Apa ndi pamene Vaseline amalowera. Iye sakoka madzi ngakhale dontho, ntchito yake ndi ya chivundikiro pa mphika, koma pa ntchito imeneyo palibe womuposa kuyambira pamene Robert Chesebrough analembetsa umwini wake mu 1872.

Tsopano urea, amene ine ndimaona kuti timamunyalanyaza kwambiri. Mmalawi akamva dzinali amaganiza za thumba la feteleza wobereketsa chimanga, ndipo salakwa: ndi chinthu chomwecho. Koma wa kumunda sayeretsedwa kuti akhudze thupi, choncho musatape m'thumba n'kusungunula. Ena amanyansidwa poti amapezekanso mu mkodzo. Wa m'mafuta odzola sachokera kumeneko. Kuyambira 1828, pamene Friedrich Wöhler wa ku Germany anamupanga koyamba popanda chamoyo chilichonse, anthu akhala akudziwa kumupanga okha. Khungu labwinobwino limakhala kale ndi urea pakati pa zinthu zake zosungira chinyezi, ndipo amachepa mwa okalamba ndi mwa anthu a nthenda zoumitsa khungu.

Chomusiyanitsa ndi anzakewo n'chakuti amagwira ntchito ziwiri, malinga ndi kuchuluka kwake. Akakhala pa 5 mpaka 10 peresenti amanyowetsa khungu monga glycerine. Akafika pa 20 kapena 30 amayamba kufewetsa ndi kusungunula khungu lakufa lokhuthala, la kuchidendene, m'zigongono ndi m'mawondo. Pa 40 peresenti amafewetsa ngakhale chikhadabo, ndipo ameneyo ndi wogwiritsa ntchito dokotala akanena. Glycerine ndi hyaluronic acid sangachite zimenezi ngakhale mutadzola botolo lonse, chifukwa chidendene chong'aluka vuto lake si kuuma kokha, koma chikhungu cholimba chimene chimasweka munthu akaponda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika mafuta a urea a 5 ndi 10 peresenti pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira, kotero malo omufunsira ndi ku famase, osati pa shelefu ya zodzoladzola.

Ali ndi ukali wake. Pamng'alu wotseguka, pachilonda kapena pakhungu lofiira lokandidwa amalasa kwambiri. Wamphamvuyo si wa kunkhope, ndipo kwa makanda funsani achipatala kaye.

Mukandifunsa ine: thupi lonse, ana ndi akulu omwe, glycerine wosakaniza m'mafuta akukwanira, ndipo ndalama yotsalayo mugulire sopo wosaumitsa khungu. Hyaluronic acid ndi wa nkhope basi, kwa amene thumba likulola ndiponso amadana ndi kunata. Mapazi apatseni urea: nyikani m'madzi ofunda, khulani pang'ono ndi mwala, dzolani, pakani Vaseline pamwamba, valani masokosi n'kugona. Odwala shuga okha asakhule ndi mwala kapena kudula chikhungucho ndi lezala, asadzolenso pakati pa zala, ndipo mng'alu uliwonse wotuluka magazi kapena madzi apite nawo kuchipatala tsiku lomwelo.